Katswiri yekha sangakwanire, njira yomufikira nayo ikonzedwe

Amayi, mukuti mchemwali wanu watha miyezi akudikira kuonana ndi dokotala wa matenda a amayi pomwe akutaya magazi kosalekeza, ndipo mukufunsa ngati vutoli lingathe pongophunzitsa madokotala ambiri otere. Madokotalawo akufunikadi, koma ine sindikhulupirira kuti zokhazo zingakwanire.

Munthu amatha zaka 5 kapena 6 akuphunzira udokotala, kenako n'kuwonjezera zina 4 kapena kuposa kuti akhale katswiri wa za uchembere. Akamaliza, ambiri amakhazikika m'mizinda ikuluikulu komwe kuli zipangizo, ena amapita kunja. Sindikuwaimba mlandu, nawonso ali ndi mabanja. Koma mayi amene mwana wakhala mopingasa usiku uno sangadikire zaka khumi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira chifukwa cha uchembere, ndipo 70 mwa 100 alionse anali a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Zomwe zimawapha n'zodziwika: kutaya magazi akachira, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, mabala otukusira m'chiberekero, mwana wokanika kutuluka. Mu 1994, akatswiri ofufuza Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine analongosola kuti amayi amachedwa patatu: kuganiza zopita kuchipatala, kuyenda panjira, ndi kuthandizidwa atafika kale. Kuchedwa kwachitatuko ndiko kumandipweteka mtima. Mayi wachita mbali yake, wafika, koma magazi omuwonjezera palibe, wogonetsa odwala pa opaleshoni palibe, ambulansi yapita kwina. Katswiri ngakhale atakhalapo, angatani ndi manja okha?

Zambiri zopulumutsa moyo sizifuna katswiri n'komwe. Mzamba wophunzira bwino amabaya oxytocin kuti chiberekero chifinyike, amapereka magnesium sulphate kwa mayi woyamba kukomoka, amaperekanso tranexamic acid, yemwe amachepetsa kutaya magazi akaperekedwa pasanathe maola 3 mayi atachira. Kungoti oxytocin amafuna malo ozizira. Furiji ikafa, mankhwalawo amatha mphamvu ali m'botolo momwemo ndipo palibe angadziwe poyang'ana. Ku Mozambique, kuyambira mu 1984, anayamba kuphunzitsa anthu omwe si madokotala kuchita maopaleshoni kuphatikizapo sizala. Ntchito yawo inapezeka yofanana ndi ya madokotala, ndipo iwo amakhalitsa m'zipatala zakutali komwe madokotala sachedwako.

Ndiye katswiriyo ntchito yake ikhale yotani? Asamangokhala m'chipinda kudikira mzere. Aziyankha foni ya mzamba wa chipatala chaching'ono, azikhala ndi masiku oyendera zipatala zakutali, aziphunzitsa omwe ali kumeneko, ndipo akaona wodwala azibweza yankho kwa amene anamutumiza. Mzerewo nawo usamayende potengera amene anayamba kulembetsa. Mayi wotaya magazi atasiya kale kusamba, kapena wopezeka ndi chilonda pa khomo la chiberekero, sayenera kuima kumbuyo kwa wobwera kudzangoonedwanso.

Pali mbali ina imene timaiiwala chifukwa maso onse ali pa oyembekezera. Mayi akakhala wopanda pathupi, zowawa zake zimapepukitsidwa. Endometriosis, matenda omwe minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, imagwira mayi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka, koma ambiri amatha zaka akuuzidwa kuti ndi msambo chabe, apirire. Khansa ya khomo la chiberekero inapha amayi pafupifupi 350,000 mu 2022, chonsecho ndi yopeweka. Mu 2020 WHO inaika cholinga choti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 azilandira katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 aziyezedwa pofika zaka 35 ndiponso 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto azithandizidwa. Kuyezako namwino amatha, ndipo zilonda zongoyamba zimatha kuthandizidwa tsiku lomwelo. Zikayenda chonchi, mzere wa katswiri umatsalira okhawo omufunadi.

Tibwerere kwa mchemwali wanu. Asangokhala kunyumba kuwerenga masiku. Abwerere kwa amene anamutumiza, apemphe kuyezedwa kuchuluka kwa magazi, kuyezedwa khomo la chiberekero, komanso sikani ngati ilipo. Apemphenso kuti m'kalata yomutumiza alembemo momveka: wataya magazi kwa nthawi yaitali bwanji, zotsatira zake n'zotani, wamwa kale mankhwala ati. Kalata yongoti "akaonane ndi dokotala wa amayi" imakagona pansi pa mulu. Azilembanso yekha masiku ndi kangati akusintha nsalu kapena padi pa tsiku, poti mukalowa m'chipinda mutu umaima. Koma ngati akuchita chizungulire, mtima ukugunda mothamanga, akupuma movutikira, kapena akusintha ola lililonse, tsiku lomwe anamupatsalo musalisamalenso. Mupite naye lero ku mbali ya odwala mwadzidzidzi.