Matanthauzo a mawu akuti "run" m'Chingerezi

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji kunena kuti "the tap is running" kapena "she runs a school", pomwe tonse tinaphunzitsidwa kuti "run" ndi kuthamanga. Kudabwa kwanuko nkomveka, chifukwa mneni ameneyu ali ndi matanthauzo ochuluka zedi. Akonzi a mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary atamuunikanso mu 2011 anapeza matanthauzo 645, kuposa a "set" amene kale ndiye ankatsogola.

Musavutike kuloweza onsewo, pakuti ambiri amachokera pa ganizo la chinthu chimene chikuyenda mosalekeza. Madzi akamatuluka pampopi, mtsinje ukamayenda, ngakhale mamina akamachucha m'mphuno mwa mwana wodwala chimfine, eni chinenerochi amagwiritsa ntchito "run". Galimoto ikhoza kuima pamalo amodzi osasuntha nkomwe, koma ngati injini ikulira amati "the engine is running", ndipo amanenanso chimodzimodzi pulogalamu ya pakompyuta ikamagwira ntchito.

Chiganizo chanu chachiwiri chikusiyanako chifukwa mneniyu watsatiridwa ndi dzina la chinthu. Mayi amene "runs a school" ndi amene amayendetsa sukuluyo, ndiye kuti amaona za aphunzitsi, ndalama ndi ana. Ifenso timati munthu akuyendetsa bungwe, ngakhale bungwelo silipita kulikonse.

Kwa ine, pofunika kusamala kwambiri ndi pa timawu ting'onoting'ono timene timabwera pambuyo pake, chifukwa timasinthiratu tanthauzo. Munthu akati "we have run out of salt", akunena kuti mchere wawathera, osati kuti wina wathawa. Akati "I ran into my teacher", wakumana ndi mphunzitsi wake mosayembekezera, koma "a car ran over the dog" ndi nkhani ya galu amene wapondedwa ndi galimoto. Pa ndale, ku America amati munthu "is running for president" akamapikisana nawo pachisankho, pomwe ku Britain amakonda kunena "stand" pa nkhani zoimira pachisankho. Timawu timeneti muziwaphunzira limodzi ndi mneniyo m'ziganizo zathunthu.

Polemba, kumbukirani kuti zochitika kale timati "ran", koma pambuyo pa "have", "has" kapena "had" timabwerera ku "run". Choncho cholondola ndi "she has run", osati "she has ran", ndipo mawu akuti "runned" kulibe.