Kuletsa maimelo otsatsa malonda a kampani ya intaneti

Achimwene, mwafunsa kuti mungaletse bwanji maimelo otsatsa mabando omwe kampani yanu ya intaneti ikumakutumizirani tsiku ndi tsiku. Tsegulani imelo imodzi mutsike mpaka pansi penipeni, pali timawu ting'onoting'ono takuti unsubscribe, amatibisa dala anthuwa, dinani pomwepo. Ngati muli pa Gmail batani lake limaonekanso pamwamba pafupi ndi dzina la wotumiza. Zikakanika lowani mu akaunti yanu pa webusaiti yawo mukachotse kachizindikiro ka pa marketing, kolola maimelo otsatsa malonda.

Koma maimelowa osawaponya ku spam (foda ya maimelo osafunika) ayi, ine ndinatero ndiye bilu nayonso inkangogwera komweko mpaka anandidulira intaneti ndili osadziwa kanthu. Komanso sasiya pompopompo, ena amabwerabe kwa masiku angapo.