Kodi bizinesi yogwetsa nyumba ingayende ku Salima?

M'bale wathu wina wandilembera pa imelo kuchokera ku Joni, komwe wakhala akugwira ntchito pa kampani yogwetsa nyumba zakale. Akufuna kubwerera kwawo ku Salima, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kuti ndalama zomwe wasunga agulire katapila wakale (chimakina chokumbira ndi kugumulira) n'kuyamba ntchito yomweyo kuno.

Achimwene, katapilayo musagule. Ntchito ilipo, koma si ija munazolowera ku Johannesburg, kumene mwini malo amalipira kuti nyumba yosanja ichoke msanga, zigumuzo zikatayidwe kutali. Kuno nyumba zambiri n'zapansi, ndipo mwini wake akaiyang'ana, ngakhale itang'aluka chotani, amaona malata, mapulanka, mafelemu ndi njerwa zoti akamangire kwina. Makina ophwanya zonse pakamodzi sangawalole kufika pakhomo pake.

Zogumula zimapezeka apa ndi apo. Pa Kamuzu Road eni masitolo akale amagwetsa kuti amange zamakono. Mumsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, ukamakonzedwa, zomangidwa m'malire a msewu zimayenera kuchoka. Mu 2024 nyanja itakwera, madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo khoma lomwe lakhala m'madzi nthawi yaitali nthawi zina silikonzekanso. Koma kontilakitala wa msewu amabwera ndi makina ake, ndipo munthu amene walandira chipukuta misozi amaitana aganyu a pamudzi, nyumba n'kuphwasulidwa tsiku limodzi. Katapila wanu azingokhala padzuwa miyezi, kwinaku dizilo akusowa, zipangizo zake zikufuna ndalama zakunja zomwe kubanki n'zovuta kupeza.

Ndalama ili mu katundu amene mwapulumutsa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera moti womanga nyumba yakeyake amayamba wafunsa zakale asanalowe m'sitolo. Lata lozulidwa bwino, la mabowo a misomali okha, silichedwa kupeza mwini. Lomwe mnyamata walikoka mwaphuma n'kuling'amba pamsomali limathera pa khola la nkhuku. Choncho phunzitsani anyamata anu kuyambira pamwamba: denga, mapulanka, zitseko ndi mawindo, kenako khoma mzere ndi mzere, osati kulikankha ndi mgwala kuchokera pansi. Kukankha kuja n'komwe kumaphwanya njerwa, n'komwenso kumapha anthu, khoma likagwera kumene simumayembekezera.

Musanatchule mtengo, kandani pakati pa njerwa ndi msomali. Ngati anamangira dothi, njerwa zimatuluka zamphumphu, kungozigogoda pang'ono zayera. Ngati anamangira simenti yambiri, zochuluka zisweka, ndipo mudzangogulitsa ngati zokwirira maziko kapena maenje a panjira. Nyumba ziwiri zofanana kukula zimasiyana phindu chifukwa cha ichi chokha. Dziwaninso kuti malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za makampani, ndiye ogula anu ndi anthu wamba. Iwowo ndi ambiri, ndipo nkhuni zootchera uvuni zikudula chaka ndi chaka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madenga a asibesitosi, aja otuwa ooneka ngati a simenti, omwe mungawapeze pa nyumba zina zakale. Akasweka amatulutsa fumbi loononga mapapo, ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka zambiri, munthu ataiwala kuti anagwirapo ganyu yotere. Anyowetseni, achotseni osawaswa, anyamata avale zotchinga mphuno zenizeni, ndipo musawagulitse kwa munthu woti akafolere khitchini. Inu mwaona momwe amachitira ku Joni, musabwere kuno n'kumapeputsa moyo wa ana a eni.

Za mapepala musazengereze. Lembetsani bizinesi, funsani ku khonsolo za chilolezo, ndipo a ESCOM ndi a Central Region Water Board adule magetsi ndi madzi musanakwere padenga. Amene wakuitananiyo aonetse kuti nyumbayo ndi yake. Nyumba zamasiye zili ndi eni ambiri, ndipo mutha kuchotsa denga m'mawa, masana n'kufika amalume ndi amfumu. Lemberanani kuti malata ndi zitsulo atenga ndani. Kalata yomweyo idzakuyankhirani apolisi akakuimitsani ndi zitsulo pa lole, pakuti kubedwa kwa zipangizo za njanji ndi za magetsi kwachititsa kuti aliyense wonyamula zitsulo azikayikiridwa.

Ndalama ya katapilayo igaweni. Pezani kamalo kotchinga pafupi ndi msewu kosungirapo katundu, gulani mahamala, migwala, makwerero, mawilibala ndi zipewa, lole muzichita hayala. Tsiku lomwe mwapeza ntchito ya konkire yeniyeni, makina mukabwereke ku Lilongwe, mtengo wake muuike pa mwini ntchito. Ndipo mufike mvula ikamatha, cha mu Epulo, kuti anthu akamagulitsa mpunga ndi thonje n'kuyamba kumanga, akupezeni muli ndi katundu kale.