Mpweya wa radon m'chipinda chapansi: yankho kwa mayi wa ku Cornwall

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Cornwall, ku Britain, wandilembera imelo. Akuti eni nyumba awabweretsera tizinthu tiwiri tapulasitiki toyezera mpweya wa radon, n'kuwauza kuti kamodzi akaike pabalaza, kena kuchipinda chogona, ndipo asatisunthe kwa miyezi itatu. Funso lawo n'lakuti: "Kodi radon ameneyu ndi woopsadi? Ife timagona m'chipinda chapansi ndi ana awiri."

Mayi, tizinthuto musatichotse, ndipo ana asatiseweretse. Radon ndi mpweya umene umachokera ku uranium wa m'nthaka ndi m'miyala, makamaka miyala ya granite imene ili mbwee ku Cornwall kumeneko. Sanunkha, saoneka. Panja amangouluzika ndi mphepo. Vuto lili m'nyumba yotenthetsa. Mpweya wofunda ukamakwera kudenga, nyumba imakoka mpweya wa m'nthaka kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'mipata imene mapaipi amadutsamo. M'nyengo yozizira, mazenera ali chitsekere usiku ndi usana, mpweyawo umangounjikana, ndipo chipinda chapansi ndiye chimayamba kudzaza.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti thupi silikuchenjezani. Simutsokomola, mutu suwawa. Tizidutswa ta mpweyawu timakakamira m'mapapo n'kumawononga mwakachetechete kwa zaka zambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pambuyo pa fodya, radon ndi amene amayambitsa kwambiri khansa ya m'mapapo. Ku Britain radon amachititsa nawo imfa pafupifupi 1,100 chaka chilichonse. Wosuta fodya ali pangozi ya radon kuwirikiza ka 25 kuposa wosasuta. Ngati bambo a kunyumba amasuta, nkhani yoyamba kukambirana ndi imeneyo.

Mu 1984 injiniya wina, Stanley Watras, anadabwa alamu yozindikira poizoni wa nyukiliya itamulirira pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Limerick ku Pennsylvania, ku America, pamene ankalowa ntchito m'mawa. Atafufuza anapeza kuti poizoniyo anali wa radon ndipo ankachoka naye kunyumba kwake, osati kuntchito.

Zotsatira zikabwera, yang'anani nambala. Ku Britain ikafika 200 becquerel (muyezo wa kuchuluka kwa radon) pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, nyumba iyenera kukonzedwa. Kutsegula mazenera kumathandiza pang'ono, koma mu Januwale ndani angapirire kuzizira kumeneko? Chodalirika ndi kadzenje kamene amakumba pansi pa simenti, n'kulumikiza paipi ndi kafani kotulutsira mpweyawo kunja. Eni nyumba anuwo achita bwino kuyeza. Apempheni akupatseni kope la zotsatirazo papepala, ndipo akakonza, muyezenso.