Kodi ntchito yosewera mbali zothandizira m'mafilimu ili ndi tsogolo?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamwamuna, yemwe akumaliza sekondale, akufuna kukhala wazisudzo wa pa kanema ndi m'mafilimu, koma m'masewero a kusukulu amangopatsidwa mbali ya agogo, ya wapolisi kapena ya mlonda, osati ya mwini nkhani. Akufunsa ngati chimenechi si chizindikiro chakuti luso lake ndi lochepa.

Mayi, sizili choncho ayi. Mbali zimenezi zili ndi akatswiri akeake, amene pa Chingerezi amatchedwa character actor, ndipo ntchito yawo ndi kusandulika munthu wina kotheratu, m'mayendedwe, m'mawu ndi m'kayang'anidwe, kotero kuti woonera amamukhulupirira ngakhale aoneke kwa mphindi zitatu zokha. Filimu imodzi imakhala ndi mwini nkhani mmodzi kapena awiri, pamene mbali zothandizira zimakhala zambirimbiri, ndipo mphunzitsi amene amapatsa mnyamata wa zaka 18 mbali ya nkhalamba amakhala ataona kuti mnyamatayo amatha kuvula umunthu wake n'kuvala wa wina. Ngakhale mphoto za Oscar, zomwe ndi mphoto zotchuka za mafilimu ku America, zinayamba kulemekeza mbali zimenezi mu 1937, ndipo Walter Brennan, yemwe anali mwamuna woyamba kuilandira, anaipata katatu.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse bwino n'chakuti ntchitoyi imachedwa kubala zipatso. Harry Dean Stanton anayamba kuoneka m'mafilimu m'zaka za m'ma 1950, koma anadzasewera ngati mwini nkhani mu filimu yotchuka ya Paris, Texas mu 1984, atapitirira zaka 55. Margo Martindale analandira mphoto yake yoyamba ya Emmy, yomwe ndi ya masewero a pa kanema, mu 2011 ali ndi zaka 60. Kuchedwaku kuli ndi ubwino wake, chifukwa nkhope ikamakalamba mbali za oweruza, madokotala ndi makolo zimachulukirachulukira, pamene amene ankadalira kukongola kwa unyamata amayamba kusowa owaitana.

Za ndalama sindikubisirani. Malipiro amabwera pa tsiku kapena pa gawo la sewero, ndipo pakati pa ntchito ziwiri pakhoza kudutsa miyezi. Ngakhale ku America, azisudzo a m'bungwe la SAG-AFTRA ananyanyala ntchito kwa masiku 118 mu 2023, ndipo lina mwa madandaulo awo linali kuchepa kwa ndalama zimene amalandira sewero likamaonetsedwanso pa intaneti. Choncho mwana wanu amalize maphunziro, ndipo akhale ndi luso lina lomudyetsa limene lingamulole kuchoka akaitanidwa mwadzidzidzi. Kulemba masewero, kujambula, kukonza mawu kapena kuphunzitsa n'kwabwino kwambiri poti sikumutalikitsa ndi zisudzo.

Pakadali pano alowe gulu la zisudzo za pa siteji, chifukwa kumeneko n'kumene mawu ndi thupi zimaphunzira kumvera mwini wake. Asonkhanitse tizigawo tabwino ta zimene wasewera mu vidiyo yaifupi yoonetsa osankha azisudzo, ndipo azolowere kukanidwa kambirimbiri pa mayeso osankhira. Akapatsidwa mbali ya wapolisi kachitatu asanyansidwe nayo, pakuti kudziwika ndi mbali imodzi n'kumene kumabweretsa ntchito zoyambirira, koma m'vidiyo yakeyo aikemo mbali ina yosiyana kwambiri kuti osankhawo aone kuti angathenso zina.