Za kalata yothokoza ikatha intaviyu komanso pulopozo ya wekishopu

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri, kuti kodi mulembe kalata yothokoza pamene mwachoka ku intaviyu kapena adzakuonani ngati mukunyengerera ntchito, ndiye chinacho ndi cha pulopozo (chikalata chofotokoza zimene mukufuna kukaphunzitsa kuti akuvomerezeni) ya wekishopu imene akuuzani kuti mutumize. Ndiyankha zonse koma ndikhalitsa pa ya wekishopuyo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakanidwira olo nzeru ali nazo.

Kalatayo lembani ndithu, si kunyengerera ayi. Anthu aja asiya ntchito zawo kukhala nanu pansi, kuwathokoza ndi ulemu basi. Koma itumizeni msanga, tsiku lomwelo madzulo kapena mawa lake mmawa, pasadutse maola 24, chifukwa nthawi zambiri panelo, gulu la anthu ofunsa mafunso aja, imakambirana za anthu amene yawaona intaviyu ikangotha ndiye mukadikira sabata kalata yanu ifika atamaliza kale kusankha. Imelo ndiyo yabwino. WhatsApp pokhapokha ngati iwowo ndi amene akhala akulumikizana nanu kudzera kumeneko, apo ayi musakasake nambala ya bwana kwa anzanu nkumulembera usiku, zimenezo zimaopsa munthu.

Chimene chimapangitsa kalatayo kukhala ya phindu ndi chimodzi, muikemo chinthu chimene chinakambidwa mchipindamo. Kungolemba kuti zikomo pondipatsa mwayi ndikudikira kumva kwa inu, aliyense amalemba choncho ndipo owerengayo saikumbukira. Koma ngati anatchula kuti malipoti awo amachedwa mwezi ukamatha, inu lembani mwachitsanzo kuti: "Zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Nkhani ya kuchedwa kwa malipoti imene munatchula ija ndakhala ndikuiganizira, kumene ndinkagwira kale tinaithetsa pogwirizana tsiku limodzi lotsekera manambala onse, ndipo ndingakonde kudzathandiza pa zimenezo. Ntchitoyi ndikuifunabe ndi mtima wonse." Basi, ziganizo zinayi kapena zisanu zakwana. Lembani mchilankhulo chimene intaviyuyo inachitikira. Ngati pali funso limene simunaliyankhe bwino mutha kuwonjezera chiganizo chimodzi chokonza, koma osayamba kupepesa ndime yonse, mukatero mukuwakumbutsa zimene mwina anaiwala kale. Za malipiro musatchule mmenemu. Mayina muwalembe molondola, dzina la munthu kulilakwitsa mkalata yomuthokoza zimawawa kwambiri, ndiye ngati simunawagwire onse tumizani kwa a HR (ofesi yoona za olembedwa ntchito) amene anakuitanani muwapemphe akuthokozereni kwa panelo yonse. Mukatumiza dikirani tsiku limene anati adzayankha, likadutsa ndi masiku angapo funsani kamodzi mwaulemu, osati tsiku lililonse.

Tsopano pulopozo. Apa ndikupemphani musanalembe chilichonse muwerenge kawiri zimene okonza msonkhano apempha, kuti akufuna mawu angati, mutu wa msonkhano wawo ndi wotani, wekishopu ya nthawi yaitali bwanji, detilaini ndi liti, ndipo ngati ali ndi fomu yawo gwiritsani yomweyo. Owerenga mapulopozo amakhala ndi mulu, ndiye amayamba kuchotsa amene sanatsatire malangizo asanafike nkomwe pa nzeru zanu. Akati mawu 300 musalembe 600 poganiza kuti aona kuti mumadziwa zambiri.

Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi lakuti munthu amadzaza tsamba loyamba ndi mbiri yake, masukulu, masatifiketi, kumene anagwirako, ndiye owerenga afika kumapeto asakudziwabe kuti anthu obwera ku wekishopuyo akapindula chiyani. Yambani ndi vuto la anthuwo. Ndi ndani, akuvutika ndi chiyani, ndipo akamatuluka adzatha kuchita chiyani chimene polowa samatha. Ndipo ndani ameneyo mumutchule bwinobwino, kunena kuti wekishopu ndi ya aliyense ndi chimodzimodzi kunena kuti si ya munthu. Nenani kuti ndi ya aphunzitsi amene angoyamba kumene ntchito, kapena ya oyang'anira timagulu tating'ono amene sanalembepo bajeti, komanso anthu angati, chifukwa zimene mungachite ndi anthu 20 sizingatheke ndi anthu 100.

Zolinga ndiye mtima wa pulopozo yonse, apa musathamange. Zitatu kapena zinayi zakwana. Pewani mawu ngati "adzamvetsa" kapena "adzadziwa" chifukwa palibe amene angaone mmutu mwa munthu kuti wamvetsa. Lembani zinthu zooneka, adzalemba, adzawerengetsa, adzasiyanitsa, adzakonza. Mwachitsanzo mmalo monena kuti adzadziwa za bajeti, nenani kuti pomaliza aliyense adzakhala atalemba bajeti ya tsamba limodzi ya ntchito yake. Maganizo amenewa si atsopano, amachokera ku ntchito ya Benjamin Bloom ndi anzake ya mu 1956 imene inasanja kuphunzira mmagawo kuyambira kungokumbukira chinthu mpaka kutha kuchigwiritsa ntchito ndi kuchiunika, ndipo mukasaka dzina lakelo pa intaneti mupeza mindandanda ya mawu oti muyambire zolinga zanu. Enanso amakonda njira ya SMART imene George Doran analemba mu 1981, mfundo yake ndi yoti cholinga chikhale cholunjika, choyezeka, chotheka ndiponso chokhala ndi nthawi yake. Simukuyenera kutchula mayina amenewa mu pulopozo, bola zolingazo zioneke kuti zinaganiziridwa.

Kenako onetsani mmene nthawi idzayendere, ndipo apa ndi pamene amaonera ngati munachititsapo wekishopu kapena mukufuna kukangolankhula. Wekishopu si lekicha, anthu amayenera kugwira ntchito ndi manja awo. Tinene kuti akupatsani mphindi 90, mutha kuika 10 zodziwana ndi kumva zimene akuyembekezera, 20 inu mukufotokoza ndi chitsanzo, 35 iwo akugwira ntchito mmagulu a anthu anayi kapena asanu, 15 magulu akuonetsa zimene apanga ndi kukonzana, 10 zomaliza mafunso ndi kafomu kounikira. Onani kuti inu mwalankhula pang'ono kuposa iwo. Koma ichi ndi chitsanzo chabe, inu musadzaze mphindi iliyonse, anthu amachedwa kulowa, pulojekita imavuta, wina amafunsa funso lalitali, ndiye pulogalamu yothina kwambiri imakakamiza kudula gawo la mmagulu lija limene ndi lofunika kuposa onse. Ine zimandipweteka kwambiri ndikaona zimenezi zikuchitika, anthu abwera ndi chidwi koma atuluka atangoonera masilaidi 60.

Zofunika mchipinda zilembeninso poyera, pulojekita, mapepala akuluakulu olembapo ndi mamaka, matebulo oti anthu akhale mmagulu osati mizere, intaneti ngati ikufunika, komanso ngati obwera akuyenera kutenga laputopu. Ngati ndi ya pa Zoom kapena Teams nenani mmene mudzawagawire mmagulu komanso ngati mudzafuna munthu wothandiza kuwerenga mafunso olembedwa. Bajeti ngati aipempha iphwanyeni, nthawi yokonzekera payokha, tsiku lophunzitsa palokha, zosindikiza, mayendedwe, osati nambala imodzi yaikulu yopanda kufotokoza. Nthawi yokonzekerayo musaiwale kuiwerengera, imakhala yambiri kuposa ya mchipinda.

Gawo limene ambiri amalisiya ndi la mmene mudzadziwire kuti wekishopu yathandiza, chonsecho amene akulipira amalifuna kwambiri. Donald Kirkpatrick mu 1959 anafotokoza magawo anayi oyezera maphunziro otere, mmene anthu awalandirira, zimene aphunziradi, ngati asintha kagwiridwe ka ntchito atabwerera, ndi zotsatira zake ku bungwe. Kafomu kofunsa ngati anasangalala kamangoyeza gawo loyambalo. Inu onjezani kena kake, mafunso ochepa omwewo poyamba ndi pomaliza kuti kusiyana kuoneke, kapena lonjezani kuti pakatha mwezi mudzatumiza uthenga wofunsa amene agwiritsa ntchito zimene anaphunzira. Ziganizo ziwiri zokha pa nkhani imeneyi zimaika pulopozo yanu patsogolo pa ena ambiri.

Mbiri yanu ibwere kumapeto, ndime imodzi, ndipo musankhe zokhazo zogwirizana ndi mutuwo. Ngati simunachititsepo wekishopu musaname, nenani zimene mwachita pa ntchito zokhudza mutuwo, kapena pezani mnzanu amene anachititsapo muchitire limodzi, ambiri amalola otsogolera awiri. Mutu wa wekishopuyo ukhale woti munthu akauwerenga pa pulogalamu adziwe chimene akatengeko. Mukamaliza mupatse munthu amene sali mu ntchito yanuyo awerenge nkukuuzani mmawu ake kuti wekishopuyo ndi ya chiyani, akalephera ndiye kuti pali poti mukonze. Itumizeni ngati PDF, dzina lanu likhale pa dzina la fayilo, ndipo musadikire ola lomaliza la detilaini chifukwa ndi nthawi imene netiweki imakonda kuvuta. Ngati mukufuna ikani zolinga zanuzo pansipa tikuthandizeni kuziwongola musanatumize.