Mafunso ndi Mayankho: Tsamba la Ukwati pa Intaneti

Funso: Zikomo alangizi. Tikumanga banja mu Okutobala kuno ku Mangochi boma. Bwenzi langa amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo akuti titsegule tsamba la pa intaneti kuti tisavutike ndi makhadi. Abale anga ambiri ali ku Namwera ndi ku Makanjira. Tiyambire pati? *Mkwatibwi, Mangochi boma*

Yankho: Mayi, tsambalo tsegulani, koma makhadi musawasiye. Vuto lagona pa bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo imeneyo sitsegula masamba ena. Munthu akadina linki yanu foni imangozungulira, iye n'kumati netiweki yavuta, osayesanso. Tsamba lithandiza a ku Joni, a ku Blantyre ndi a ku Lilongwe. Ku Makanjira chimene chingafike ndi chithunzi cha khadi pa WhatsApp kapena mthenga wapakamwa. Ndipo ankhoswe, amfumu, abusa kapena ashehe sitiwaitana ndi linki. Amenewo mupite nokha kapena mutume munthu wamkulu.

Njira yosalipira ndi Google Sites. Mufunika akaunti ya Gmail ndi kompyuta, chifukwa pa foni kukonza tsamba sikuyenda bwino. Ngati mwabwereka kompyuta ya pa shopu, mukamaliza mutulukemo mu akauntiyo. Tsamba likhale limodzi lokha. Pamwamba penipeni lembani mayina, tsiku, nthawi ndi malo, ndipo tsikulo mulitchule kuti ndi Loweruka kapena Lamulungu, chifukwa anthu amaiwala deti koma tsiku la sabata saiwala. Nthawi ya kutchalitchi kapena kumzikiti ikhale payokha, ya madyerero payokha.

Zithunzi ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo muyambe mwazichepetsa. Chithunzi chochokera kwa wojambula chimatha kupitirira 5 MB, pomwe cha 200 KB chimaoneka bwinobwino pa foni. Makanema asiyeni. Mukadina Publish, batani lotulutsira tsamba kuti anthu alione, mudzasankha dzina la tsamba. Likhale lalifupi loti munthu angalitchule pa foni. Chongani pamene akufunsa zoti tsambalo lisaoneke kwa anthu ofufuza pa Google. Chinthu chimene chimagwetsa ambiri ndi ichi: mukasintha kanthu, muyenera kudinanso Publish. Mukapanda kutero, inu muziona nthawi yatsopano pomwe alendo akuonabe yakale.

Malo muwaike pa Google Maps mutaima pa geti penipeni, osati muli kunyumba. Koma mulembenso m'mawu, monga mmene mungauzire wa kabaza: mukachoka pa mlatho wa Bakili Muluzi mulowere kuti, mukhote pa chiyani. Okutobala kuno dzuwa limaswa mtengo, choncho nenani ngati anthu adzakhale m'holo kapena pa tenti.

Funso: Ndine wapampando wa komiti ya ukwati wa mphwanga. Tikufuna kudziwa chiwerengero cha anthu kuti tigule mpunga ndi nkhuku zokwanira. Gulu la WhatsApp lomwe tinatsegula langodzaza nthabwala ndi malonda. Titani? *Wapampando, Monkey Bay*

Yankho: Achimwene, magulu akhale awiri. La komiti likhale la anthu ochepa okambirana ndalama ndi ntchito. La alendo mulitseke kuti olemba akhale ma adimini okha. Zimenezi mumasintha m'makonzedwe a gululo. Ena amakonda mndandanda wa broadcast, wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, koma dziwani kuti umatenga anthu 256 basi, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Amene sanaisunge salandira kanthu, inu n'kumati mwawauza.

Za chiwerengero, konzani fomu ya Google Forms ndi kuilumikiza ku tsamba la ukwati. Mafunso anayi akwana: dzina, nambala ya foni, mubwera angati kuphatikizapo ana, ndiponso ngati mukufuna malo ogona. Osachonga poti munthu ayankhe kamodzi kokha, chifukwa zikatero fomuyo imafuna kuti alowe mu akaunti ya Google, ndipo ambiri pasiwedi anaiiwala tsiku lomwe anagula foni. Kuli bwino wina ayankhe kawiri, inu mudzafufute. Mukailumikiza fomuyo ku Google Sheets, mayankho amapita okha m'menemo, momwe mungawonkhetse. Fomuyo muitseke kutatsala sabata ziwiri.

Koma musagule chakudya potengera fomu yokha. Ukwati wa kwathu kuno munthu sabwezedwa pa geti, ndipo oyandikana nawo nyumba salemba fomu. Sankhani munthu mmodzi kuchimuna, mmodzi kuchikazi, aziimbira abale akumudzi ndi kuwalembera yekha m'fomumo. Chiwerengero chikatuluka, khalani pansi ndi amayi ophika, amene amadziwa mmene maukwati a m'deralo amadzadzira, awonjezerepo. Popeza kuno Asilamu ndi Akhristu timadyera limodzi, lembani pa tsambapo ngati nyama idzakhale ya halaal. Mukatero mwapeputsa mafunso ambiri, komanso amene akanakhala osadya adzadya.

Funso: Abale a kunja akufuna kutumiza ndalama za perekaniperekani. Kodi ndi bwino kuika nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pa tsamba? *Nkhoswe, Malindi*

Yankho: Bambo, pa tsamba loti aliyense wokhala ndi linki angalitsegule, ife sitilimbikitsa. Akathyali amatenga chithunzi cha khadi, n'kusintha nambala, n'kuyamba kutumizira abale anu uthenga woti nambala ya msungichuma yavuta, atumize pa ina. Nambalayo iperekedwe m'gulu lotsekedwa lija, ndipo ikhale imodzi ya Airtel Money, imodzi ya Mpamba, zonse za msungichuma. Lembani dzina lomwe nambalazo zinalembetsedwa, kuti wotumiza aliyerekeze ndi lomwe likuoneka pa foni yake. Lengezani kuyambira tsiku loyamba kuti nambala sizidzasintha, ndipo wolandira uthenga wonena zina ayambe waimbira inu.

A ku South Africa ambiri amatumiza kudzera ku Mukuru. Auzeni dzina la msungichuma monga linalembedwera pa chiphaso chake cha unzika, chifukwa zilembo zikasiyana ndalama zimavuta kutenga. Msungichumayo asamadalire meseji yongotumiziridwa ndi munthu; aziyang'ana yekha ndalama zomwe zili mu akaunti, kenako alembe m'kope dzina, tsiku ndi kuchuluka kwake. Kope limenelo ndi lomwe woyendetsa mwambo adzawerenge pa tsikulo, kuti amalume a ku Joni amve dzina lawo likutchulidwa. Ngati mudzawaonetse mwambowo pa Facebook, nthawi ya kuno ndi ya ku Johannesburg ndi imodzi, koma a ku London amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.